Ankapempha batani la Excel, koma chinkawapweteka n'china

Tinalipo anthu anayi. Awiri ankalemba code (malangizo amene amayendetsa app), mmodzi ankakonza maonekedwe a sikirini n'kumayankhanso madandaulo, ndipo ine ntchito yanga inali yosankha: ichi tipange tsopano, ichi chidikire, ichi tichisiye. App yathu inali ya aphunzitsi. Mphunzitsi amaitana mayina m'mawa n'kuchonga amene abwera, amalowetsa malikisi a mayeso, ndipo pakutha pa teremu app imamuwonkhetsera zonse. Inkagwira ngakhale popanda intaneti. Zolembazo zinkakhala pafoni, netiweki ikapezeka n'kupita ku seva, kompyuta yathu yaikulu yosunga zonse.

Chaka choyamba tinkasangalala ndi uthenga uliwonse, ngakhale wotinyoza, poti unkasonyeza kuti kunja kuno kuli munthu amene akuigwiritsa ntchito. Pofika chaka chachiwiri mndandanda wa zopempha unali utatalika moti Lolemba m'mawa ndinkayamba ndazengereza ndisanautsegule. Wina akufuna sikirini yakuda yoti isamamuthobwe m'maso usiku. Wina akufuna zithunzi za ana pambali pa mayina. Wina akuti app izitumiza uthenga kwa makolo pa WhatsApp mwana akajomba. Koma pempho limene linkabwera kuposa onse linali limodzi: tiikireni batani lotulutsira zonse ku Excel, pulogalamu yosungira manambala m'mizere.

Mbali inayo kunali mnzanga wamkulu wa code, munthu wosalankhulalankhula, amene pamsonkhano uliwonse ankaimba nyimbo imodzimodzi: gawo lotumiza zinthu ku seva ndi lovunda, tilikonze lisanatigwere. Analilemba yekha m'masabata awiri pamene tinkathamangira kuti app ituluke, choncho ankalidziwa mmene munthu amadziwira dzino lake lobooka. Ankalitchula kuti ngongole. Fanizoli ndi la katswiri wa code Ward Cunningham, amene mu 1992 anayerekezera code yolembedwa mothamanga ndi ndalama yobwereka: kubwereka sikulakwa, koma ukachedwa kubweza, chiwongoladzanja chimakumaliza. Ine ndinkalimva ndithu fanizolo, koma mumtima ndinkati izi n'za anthu a code, amangofuna kuti m'nyumba mwawo mukhale mosesa.

"Achimwene," ndinatero tsiku lina pamsonkhano, "ndionetseni uthenga umodzi wokha wa mphunzitsi amene wapempha zimene mukunenazi. Umodzi basi."

Analibe. Ine ndinali ndi mulu wa mauthenga a Excel. Zopempha ndinkaziwerenga ngati mavoti, ndipo pachisankho chimenecho mnzangayo ankagwa sabata iliyonse.

Batani la Excel tinalipanga. Tinkati litenga masabata awiri, linatenga asanu, chifukwa malamulo osungira mafayilo pafoni amasiyana pakati pa Android yakale ndi yatsopano, ndipo foni iliyonse inali ndi khalidwe lake. Litatuluka, kwa sabata imodzi tinalandira zikomo. Kenako zopempha zinangosintha malaya: fayiloyo izituluka yokha madzulo alionse, izipita yokha ku imelo, izikhala ndi tsiku pa dzina lake. Ine osadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani munthu akufuna fayilo tsiku lililonse pomwe zonse zili kale mu app. Tinapitiriza ndi sikirini yakuda, kenako zithunzi za ana, zimene zinalemeretsa app n'kuchedwetsanso kutumiza kuja. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nthawi yonseyi chinthu chimodzi sichinkasintha: aphunzitsi ankayamba ndi moto, teremu ikatha ambiri osabweranso.

Amene anatipulumutsa ndi mnzathu wa maonekedwe uja. Iye ankawerenga madandaulo tsiku ndi tsiku, ndipo anatopa ndi kutanthauzira mawu a anthu amene sanawaonepo. Anati tisiye kuwerenga, tipite tikakhale kumbuyo kwa kalasi. Nditadandaula kuti tilibe nthawi yoyendera anthu mazanamazana, anandikumbutsa zimene Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito mapulogalamu, analemba mu 2000, zoti kuonerera anthu asanu okha akugwiritsa ntchito chinthu kumaulula pafupifupi 85 peresenti ya zimene zimawapunthwitsa. Tinapempha aphunzitsi asanu. Awiri oyamba anationetsa tizovuta ting'onoting'ono, monga zilembo zochepetsetsa ndi batani limene chala chinkaliphonya. Wachitatu ndi amene sindidzamuiwala.

Anali mayi wachikulire ndithu, mmodzi mwa amene analemba kangapo kupempha Excel. Foni anaiika patebulo, koma m'manja anagwira kope lachikuto chong'ambika. Anaitana mayina onse akuchonga m'kopemo ndi cholembera. Nthawi yopuma itakwana, ana atatuluka, anatenga foni n'kuyamba kulowetsa zomwe zija, dzina ndi dzina. Atamaliza anadina batani lathu lija, fayilo inatseguka, ndipo anayendetsa chala mzere ndi mzere, diso lina pafoni lina pakope. Nthawi yake yopuma inathera pomwepo. App imene tinaipanga kuti imuchepetsere ntchito inali itamuwonjezera kawiri.

"Madamu, bwanji osangochonga pafoni nthawi yomwe mukuitana mayina ija?"

Anandiyang'ana, kenako anaseka pang'ono. "Mwanangu, chinthu chanuchi chinandidyera malikisi."

Kalasiyo ankagawana ndi mphunzitsi wina, aliyense ndi phunziro lake ndi foni yake. Teremu yapitayo analowetsa malikisi a mayeso a ana onse usiku wina, mapepala n'kubweza kwa eni ake m'mawa mwake. Patapita masiku awiri anatsegula app, mzere wonse mbee. Zinatengera kupempha ana kuti abweretse mapepala aja, ena atataya kale, ena atang'amba. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanatiuzire.

"Ndikanati chiyani? Ndinkaganiza kuti ndine amene ndinadina polakwika. Zamafonizi tinazipeza ukulu. Ndinachita manyazi, ndiye ndinangopempha kuti mundipatse njira yosungira zanga pandekha."

Tili m'njira yobwerera sindinalankhule. Ndinkadziwa kale chimene mnzanga wa code adzanene, ndipo ananenadi popanda kundinyogodola, zimene zinandipweteka koposa. Gawo lotumiza lija linkatenga kalasi yonse ngati chinthu chimodzi, ndipo lamulo lake linali lakuti chimene chafika pomaliza ndicho choona. Madamu aja analowetsa malikisi, anapita ku seva bwinobwino. Mnzawo uja foni yake inakhala masiku awiri yopanda netiweki, ili ndi kalasi yakale yopanda malikisiwo. Iye anachongamo ojomba a tsiku limenelo, netiweki itabwera foni inatumiza kalasi yake yonse, n'kufafaniza ya madamu. App sinazime, sinaonetse uthenga wofiira, ndipo ku makina athu olandira malipoti a zolakwika sikunafike kalikonse. Kwa kompyuta zonse zinayenda mwadongosolo.

Apa mpamene ndinamvetsa kuti mavoti anga aja ankanama. Munthu amapempha chimene akutha kuchitchula dzina, ndipo kawirikawiri chimakhala mankhwala amene wadzilembera yekha. Matenda ake satiuza, mwina chifukwa sawadziwa, mwina chifukwa akudziimba mlandu. Noriaki Kano, pulofesa wa ku Japan, anafotokoza mu 1984 kuti zimene anthu amayembekezera pa chinthu zili m'magulu osiyana. Zina zimawasangalatsa zikakhalapo koma sazisowa zikapanda kukhalapo. Zina akazipeza zambiri amakondwa kwambiri. Ndiye pali gulu lina la zimene sazitchula n'komwe poti amaziona ngati zachidziwikire, koma zikasowa, amachoka. Palibe mphunzitsi amene angalembe kuti chonde app yanu isamataye malikisi, monganso palibe wogula galimoto amene amapempha kuti ikhale ndi mabuleki. Ine ndinathera miyezi ndikukongoletsa galimoto yopanda mabuleki, mwini mabulekiwo akukuwa pambali panga.

Koma musaganize kuti kuyambira pamenepo mnzanga wa code anakhala wolondola pa zonse. Ataona kuti ndafewa, anabwera ndi pepala la masamba atatu: app yonse tiilembenso kuyambira pachiyambi, ndi zida zatsopano, miyezi isanu ndi umodzi, zopempha zonse ziime. Ndipo ine, chifukwa cha manyazi, ndinatsala pang'ono kuvomera. Chimene chinandigwira mkono ndi nkhani ya kampani ya Netscape. Iwo anaganiza zotaya code yakale ya browser yawo (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) n'kuyambiranso. Netscape 4 inatuluka mu 1997, yotsatira yake, Netscape 6, inadzatuluka kumapeto kwa 2000, ndipo pakatipa Internet Explorer, browser ya Microsoft, inali italanda msika. Code yakale imaoneka yonyansa chifukwa ili ndi zigamba, koma chigamba chilichonse chinatseka bowo limene munthu wina anagweramo. Ukaitaya, maenje onsewo umawakumbanso. Nditaona zimene zinagwera Sonos, kampani yopanga masipika, mu 2024 ndinakumbukira mkangano wathuwu: anatulutsa app yolembedwanso mwatsopano mu May, ikusowa zinthu zimene anthu anazizolowera monga kuika nthawi yoti nyimbo zizime zokha, mkulu wa kampaniyo Patrick Spence anapepesa poyera, ndipo mu January 2025 anachoka paudindo.

Tinakangana masiku atatu. Funso limene linathetsa mkangano linali losavuta: pa masamba atatuwa, ndi ziti zimene zikapanda kukonzedwa mphunzitsi wina adzalira? Tinadutsa mzere ndi mzere. Gawo lotumiza, inde. Kusintha chida chojambulira sikirini chifukwa chatsopanocho n'chokoma kulembera, ayi. Kusanja mafoda, ayi. Pomaliza anavomera yekha kuti pa zinthu zonse zimene analemba, zitatu zokha n'zimene zinali ndi dzina la munthu wovutika kumbuyo kwake.

Gawo lotumiza tinalimanga motere, ndipo ndikulifotokoza chifukwa ambiri opanga app yogwira popanda intaneti amagwera m'dzenje lomweli. Chilichonse chimene mphunzitsi walemba, kaya malikisi a mwana mmodzi kaya kuchonga kumodzi, chinakhala chinthu pachokha chokhala ndi nambala yake. Foni imatumiza chokhacho chimene chasintha. Sitinadalirenso wotchi ya pafoni, poti mafoni ena wotchi yake imasochera. Seva ndiyo imaika ndondomeko. Chakale sichifafanizidwa, chimangokhala m'mbiri. Anthu awiri akasintha chinthu chimodzimodzi, app imaonetsa zonse ziwiri n'kufunsa kuti cholondola n'chiti. Mnzathu wa maonekedwe anawonjezera kanthu kamene sikanatenge ndi tsiku lomwe: kamzere pamwamba konena kuti "Zonse zafika" kapena "Zinthu 12 zikudikira netiweki". Ndikukhulupirira kuti kamzere kameneka kanagwira ntchito yofanana ndi code yonse ija, chifukwa munthu sakhulupirira chimene sakuchiona.

Tinati masabata asanu ndi limodzi, zinatenga miyezi itatu. Chimodzi mwa zochedwetsa chinali mawu achitatu amene ndinali ndisanawawerengere, a eni sitolo za ma app. Chiyambire 2018, Google Play imafuna kuti app izimangidwira Android yaposachedwa, ndipo malire amakwera chaka ndi chaka. Tsiku lomaliza likadutsa usanakonze, update yako (app yokonzedwanso imene ukufuna kutumizira anthu) salandira. Apple nayo kuyambira pa 30 June 2022 inalamula kuti app iliyonse imene munthu amatsegulamo akaunti ikhalenso ndi njira yoifufutira momwemo. Zoterezi sapempha ndi wogwiritsa ntchito, sazifunanso wa code, koma zimabwera ndi tsiku lake ndipo sizimva zokambirana. Masiku ano ndimazilemba pakalendala chaka chikamayamba, ndisanalonjeze aliyense kanthu.

Amene ankatithandiza ndi ndalama ataona kuchedwako anati tilembe munthu wina wa code kwa mwezi umodzi kuti zifulumire. Ndinakana mwaulemu. Katswiri wa makompyuta Fred Brooks ananena kale mu 1975 kuti kuwonjezera anthu pa ntchito ya pulogalamu imene yachedwa kale kumaichedwetsa kwambiri, ndipo kwa ife zinali zoonekeratu: munthu yekhayo amene akanaphunzitsa mlendoyo ndi yemweyo amene ankamanga gawolo.

Cholakwa changa chachiwiri chinabwera tsiku lotulutsa. Poti tinali titakhala miyezi itatu osapereka chooneka ndi maso, ndinafuna kuti update ija ioneke yatsopano. Ndinalola kuti sikirini yoyamba isesedwe, ndipo batani loitanira mayina linachoka pamaso n'kukalowa mu menyu. Tinaitumiza kwa anthu onse nthawi imodzi, Lamlungu usiku. Lolemba isanakwane 8 koloko foni ya mnzathu woyankha madandaulo inali ikutentha. Aphunzitsi aima kutsogolo kwa ana, akufufuza batani limene chala chawo chinalizolowera kwa chaka chathunthu.

Kukuwa kwa anthu pakasintha kanthu sikuti nthawi zonse kumatanthauza kuti walakwitsa. Facebook itabweretsa News Feed, tsamba loonetsa zimene anzako alemba, mu September 2006 anthu anakwiya zedi, kampaniyo inawonjezera zotetezera chinsinsi koma chinthucho sinachichotse, ndipo chilipobe. Koma Microsoft itachotsa batani la Start mu Windows 8 mu 2012, inalibwezera mu Windows 8.1 chaka chotsatira, menyu yake n'kudzabwerera mu Windows 10 mu 2015. Ndiye umadziwa bwanji kuti uli mbali iti? Ine ndinasiya kumvera kukula kwa phokoso n'kuwerenga zala. Poyamba kuitana mayina kunali kudina kamodzi. Tsopano kunali katatu, pa ntchito imene munthu amaichita m'mawa uliwonse, ataimirira, ana akusokosera. Uku sikunali kusazolowera chabe, tinali titawalanda kanthu. Tinalibwezera pamalo pake Lachitatu, n'kulemba uthenga wachidule wovomera kuti tinalakwitsa. Chopweteka n'chakuti ntchito yeniyeni ya miyezi itatu ija palibe anaitchula sabata imeneyo.

Kuyambira pamenepo sititumiza update kwa onse nthawi imodzi. Google Play imalola kusankha gawo la anthu loyambira, ndipo App Store ili ndi njira yotulutsa pang'onopang'ono kwa masiku 7, kuyambira pa 1 peresenti. Zida zimenezi zinalipo nthawi yonseyi, zaulere, ine ndi amene ndinkathamanga. Sititulutsanso usiku woti m'mawa mwake anthu ayamba sabata ya ntchito, ndipo sitiphatikiza kukonza zam'kati ndi kusintha maonekedwe mu update imodzi, chifukwa zikavuta sudziwa chavuta n'chiti.

Mndandanda uja ulipobe, koma kalembedwe kake kanasintha. Pempho likabwera sitililemba mmene lanenedwera. Mnzathu amayankha ndi funso limodzi: panopa mumatani mukafuna kuchita zimenezi? Yankho la funso limeneli ndilo timalemba, pamodzi ndi nthawi imene vutolo limachitika ndi kangati. Kangapo konse zapezeka kuti zopempha zitatu zosiyana n'za vuto limodzi. A code nawo lamulo ndi lomwelo. Akafuna nthawi yokonza zam'kati anene amene adzavutike tikapanda kukonza, kapena masiku amene gawolo limatidyera nthawi iliyonse tikalikhudza. "Ndi zonyansa" si chifukwa chokwanira. Koma kuti asamachite kupemphetsa pa kalikonse, sabata imodzi mwa zinayi zilizonse ndi yawo, ndipo ine sindilowererapo. Ndikuvomera kuti sabata imeneyi ndimaisirira kwambiri pamene wina akundikakamiza, ndipo kawiri ndinaibwereka. Kawiri konseko ndinabweza ndi chiwongoladzanja.

Chimene chimandivutabe ndi kukana. Pempho la WhatsApp kwa makolo linali labwino, anthu ambiri ankalifuna, koma likanatanthauza kusunga manambala a makolo zikwizikwi, ndipo ife anayi tinalibe mphamvu yoteteza zinsinsi zochuluka choncho. Kale ndikanayankha kuti "tikuganizira", bodza laulemu limene limasiya munthu akudikira chaka. Ulendo uno ndinalemba kuti sitipanga, chifukwa chake ndi ichi, ndipo zikadzasintha tidzakuuzani. Ena anakhumudwa, mmodzi anachoka atatipatsa nyenyezi imodzi. Ambiri anangoti zikomo potiuza.

Teremu itatha ndinabwereranso kwa madamu aja. Mayina anaitana ali ndi foni m'manja, n'kuyang'ana kamzere kapamwamba kaja asanaiike pansi. Kope lija linali pomwepo patebulo, lotseka. Ndinaliloza.

"Ojomba ndinasiya kulembamo," anatero. "Koma malikisi ndiye ayi, mwanangu. Ndione kaye teremu ina."

Batani la Excel anthu salidinanso kawirikawiri ngati kale, ndipo mnzanga wa code walemba kawiri kuti tilichotse, poti limavuta kulisamala Android ikasintha malamulo a mafayilo. Kawiri konseko ndakana. Ndinamuuza kuti tidzakambirane madamu aja akadzasiya kope lawo kunyumba.